Malipiro atha pa 6: ndi umphawi, ufiti, kapena mutu wathu womwewu?

Gulu la Anansi a ku Area 25, Lilongwe

Kondwani, 21:14
Anansi, pepani kukulemberani usiku. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi, koma ndikaisunga mumtima indidwalitsa. Ndinalandira pa 28. Lero ndi pa 6, mu foni mwatsala K1,350. Lendi sindinapereke. Sindinaberedwe, kunyumba kulibe matenda, kumudzi kulibe maliro. Ndi kandege, njuga ya pa foni ija yobetchera kandege kokwera m'mwamba kasanathawe. Ndinayamba Lachisanu ndili m'minibasi kuchokera ku Kanengo, ndi K2,000 yokha, kungoti nthawi ipite. Inapita ndi ndalamayo. Ndinaika K5,000 kuti ndibweze K2,000 ija. Pofika Lamlungu usiku ndinali nditataya K96,000, nditadzitsekera m'bafa, madamu akuyesa kuti ndatsegula m'mimba mpaka kundiwiritsira madzi a mchere ndi shuga. Chikundiopsa n'chakuti masamu ndimawadziwa, ntchito yanga ndi yowerengera katundu mu weyahausi, sindinasowetsepo ngakhale katoni imodzi. Ndiye munthu wodziwa kuwerengera amachita bwanji zoterezi?

Shadreck wa Kabaza, 21:17
Amwene, musadziyese nokha. Pa siteji pathu pa Nsungwi mnyamata wina anapinyolitsa njinga ya abwana ake chifukwa cha kandegeka. Ineyo ndinasiya nditadya ndalama ya mafuta masiku atatu otsatizana. Chodabwitsa, tsiku limene ndinawina K40,000 ndimalikumbuka mpaka malaya amene ndinavala. Masiku oluza aja onse anasakanikirana ngati phala.

Bambo Chirwa, 21:22
A Kondwani, ine sindikunyengererani. Uku n'kusowa mwambo. Ife tagwira ntchito m'boma zaka 31, malipiro osafika anuwo, koma ana asanu anaphunzira. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wamkulu, wapabanja, kudzitsekera m'bafa ndi foni? Kapepeseni kwa akazi anu, Lamlungu mukaonekere ku tchalitchi.

Mayi a Tadala, 21:25
Bambo Chirwa, pang'onopang'ono. Munthu wabwera yekha kudzaulula, tisamulandire ndi chikwapu. Nthawi yanu ija njuga inali kuseri kwa msika, umachita kuyenda wapansi kukaipeza, anthu n'kumakuona. Lero ili m'thumba la buluku, imagona nawe pa bedi.

Aphunzitsi Mbewe, 21:41
A Kondwani, funso lanu lili ndi yankho, ndipo si ufiti. Tinkaphunzirako za kaganizidwe ka munthu ku Chanco, ndipo mpaka lero ndimaziwerengabe ndikatopa ndi kuchonga.

Taonani pamene nkhani yanu inakhotera. K2,000 yoyamba ija munaika mukusewera. K5,000 yachiwiri simunaike kuti muwine, munaika kuti mubweze. Akatswiri awiri a ku Israel, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba za zimenezi mu 1979. Anapeza kuti kutaya chinthu kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupeza chinthu chomwecho kumakomera. Ukatola K5,000 panjira umasekerera mpaka pa geti, ukamalowa m'nyumba waiwala. Ukataya K5,000 umapisa m'matumba omwewo mpaka mawa lake. Anapezanso china chimene chili ndendende ngati chanu: munthu amene wapindula amasamala, koma amene waluza kale amalolera kuika zambiri pachiswe, bola pakhale kamwayi kofafaniza chilonda chija. Kwa inu, kuvomera kuti K2,000 yapita kunali kowawa kuposa kutulutsa K5,000 ina. Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002 chifukwa cha ntchito imeneyi, mnzakeyo atamwalira kale mu 1996.

Masamu anu a ku weyahausi mumachita masana, mutakhala pa mpando, pa katundu wa eni ake. Amene ankadina foni m'bafa muja sanali kalaliki, anali munthu woti wapsa chala akufuna poviika.

Kondwani, 21:45
Ndi zomwezo aphunzitsi. Ndiponso ndinkati ndikaona kathawa msanga kasanu motsatizana, ndimati ulendo uno kakwera basi, sikangatero kachisanu ndi chimodzi. Pamenepo ndi pamene ndimaika zambiri.

Aphunzitsi Mbewe, 21:58
Msampha umenewo ndi wakale kuposa agogo athu. Mu 1913, m'nyumba ya njuga ku Monte Carlo, pa gudumu lozungulira la timabowo tofiira ndi takuda, kampira kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu olemera, ophunzira, anataya chuma chambiri usiku umenewo akubetchera wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana. Koma kampira sikakumbuka kumene kanagwera. Kandege nakonso sikasunga kaundula woti a Kondwani tawadyera kasanu, tsopano tiwapatseko. Ulendo uliwonse kamayambira pa ziro.

Opanga masewerawa amalemba okha kuti pa K100 iliyonse yobetcha, pafupifupi K97 ndi imene imabwerera kwa osewera onse pamodzi. K3 ikuoneka yochepa, koma ndalama yomwe wawina umaibwezeranso momwemo, imadulidwanso, umaibwezeranso. Ukamasewera nthawi yaitali ndi pamene lumolo limameta bwino.

Tsono chimene chimakumatirira pa foni ndi ichi. B.F. Skinner wa ku Harvard ankaika nkhunda m'bokosi, zikajompha kabatani chakudya n'kutuluka. Chakudya chikamatuluka nthawi iliyonse, tsiku loti chasiya kutuluka nkhunda sinkachedwa kuleka. Koma chikamatuluka mwa apo ndi apo, osadziwika kuti ndi kujompha kwachingati, nkhunda inkajompha osatopa. K40,000 ya a Shadreck ija ndi njere imodzi imene inatuluka. Ndipo tisaloze a Kondwani okha. Chala chomwe chimakwezera Facebook ndi TikTok mpaka 1 koloko usiku, kuyembekezera kuti mwina chotsatirachi chikhala choseketsa, ndi mlomo wa nkhunda womwewo.

Bambo Chirwa, 22:03
Ndiye aphunzitsi mwati tonse pano ndife nkhunda? Azungu anuwo amangotenga uchitsiru n'kuupatsa dzina la sukulu. Munthu wodekha sapusitsidwa. Ine ndalama yanga siituluka ndisanaganize kawiri.

Anaphiri a ku Tsoka, 22:09
Hahaha Bambo Chirwa, ndikhululukireni, ndinu kholo langa, koma mwandiitana nokha. Jekete ya bulawuni ija munagula kwa ine mu June, mukuikumbuka? Ndinakuuzani K30,000. Munakwiya, munayenda mpaka pa mlatho, ndinakuitanani, tinakanganakangana mpaka K18,000. Munachoka mukuuza mnzanu kuti azimayi a pa Tsoka sangakudyereni. Bambo, jekete imene ija ndikanakupatsani pa K11,000 ndili wosangalala, chifukwa belo lija linali litabweza kale.

Geni yathuyi mtengo woyamba si mtengo, ndi chikhomo. Ndikakhoma pa 30, inu mumayamba kuwerengera kuchokera pa 30, ndiye 18 imaoneka ngati mwandibera. Ndikanayamba ndi 15 bwenzi mukulimbana kuti ifike pa 9. Ndipo ndikaona kasitomala akuzengereza, mnzanga wa benchi yoyandikana amabwera n'kuigwira jeketeyo, n'kufunsa kuti iyi yagulidwa? Pomwepo dzanja limalowa m'thumba.

Shadreck wa Kabaza, 22:10
Eeee mayi mwawapha madala 😂😂

Bambo Chirwa, 22:14
Jeketeyo ndi yolimba, ndikuvalabe. Koma Anaphiri, zimenezo si zachikhristu.

Anaphiri a ku Tsoka, 22:15
Amene amandigulitsa belo amanditeronso bambo. Amati mabelo abwino atsala awiri okha, pamene kuseri adzaza mpaka kudenga.

Aphunzitsi Mbewe, 22:24
Anaphiri, chikhomo chanucho Kahneman ndi Tversky omwe aja anachiyesa mu 1974. Ankazungulitsa gudumu la manambala pamaso pa anthu, koma analikonza kuti liziima pa 10 kapena pa 65 basi. Kenako amafunsa kuti, pa mayiko 100 aliwonse a mu United Nations, angati ndi a mu Africa? Amene anaona 10 ankayankha cha m'ma 25. Amene anaona 65 ankayankha cha m'ma 45. Nambala ya pa gudumu, yopanda mgwirizano uliwonse ndi funsolo, inawakoka. Nanga nambala yotuluka pakamwa pa mwini jekete, akukuyang'ana m'maso?

Za mnzanu wogwira jekete uja ndi zomwe timachita pa filing'i siteshoni. Ukaona magalimoto khumi aima, nawe umaima, usanafunse n'komwe ngati thanki yabwera.

Shadreck wa Kabaza, 22:31
Apo pokha aphunzitsi ndikutsutsani. Inu mumayenda wapansi kupita ku sukulu, mafuta akasowa mumangomva pa wailesi. Ine ndikaona mzere n'kunena kuti ndisatengeke ndi gulu, mawa lake njinga yagona, ana adya chiyani? Ndagonapo pa mzere ku Kanengo usiku wonse, udzudzu ukundidya, ndipo amene anati tidikire zinthu zikhazikike anakagula a m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Kuthamangira mzere si kupusa, ndi kudziwa dziko limene ukukhala.

Chimodzimodzi zosunga ndalama. Mkulu wanga anasunga ku banki chaka chonse cha 2023 kuti agule malata. Mu November kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Ndalama ya malata 30 inagula osafika n'komwe. Izi zisanachitike, mu May 2022, inali itagwetsedwanso ndi 25 peresenti. Ndiye munthu akalandira n'kudyeratu lero, mumuti alibe nzeru? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Aphunzitsi Mbewe, 22:34
Ndagonja pa za mafutazo, a Shadreck. Aliyense payekha akuchita zanzeru, kungoti tonse tikadzaza mathanki ndi zigubu tsiku limodzi, mafuta a sabata amatha Lachiwiri. Koma fodya wa pamphuno uja musamuphatikize ndi kandege.

Tiyamike, 22:52
Ndalowa mochedwa, ndimagoneka mwana. Achimwene a Shadreck akunena zoona, ndipo ndikufuna ndiwonjezere za kumunda, poti ine ntchito yanga ndi ya alimi, ndinaphunzira ku Bunda.

Timakonda kunena kuti munthu ndi wosauka chifukwa saganiza bwino. Pali kafukufuku amene anatembenuza mawu amenewa. Anatuluka mu 2013, ndipo mwa amene anachita ndi Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir. Anapita kwa alimi a nzimbe oposa 400 ku Tamil Nadu, m'dziko la India, amene amalandira ndalama kamodzi pa chaka. Anawapatsa mayeso a kuganiza asanakolole, pamene ali pa ngongole ndipo apinyolitsa katundu, n'kuwapatsanso atalandira ndalama. Anthu omwewo, mitu yomweyo, anakhoza bwino atalandira. Kusowa kumadya malo m'mutu. Ukamawerengera lendi, fizi, ufa ndi makala nthawi imodzi, mutu umakhala ngati foni yodzaza, chilichonse chimachedwa kutseguka.

Ine ndimaziona ku Mitundu. Mlimi yemwe mu February amagulitsa chimanga chili m'munda pa mtengo wolira, mu June ukakhala naye pansi amakuwerengera bwinobwino kuti anadyeredwa zingati. Sanali wopusa mu February, anali ndi njala ndi mwana wodwala malungo. Ndipo yemweyo akagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo, pofika October feteleza alibe.

Bambo Chirwa, 22:57
Chabwino mwana wanga, koma a Kondwani analuza atangolandira, osati ali pa njala. Ndiye za ku India zikukhudzana bwanji?

Kondwani, 23:03
Bambo, ndiyankhe ndekha. Tsiku lolandira ndinakhala pansi ndi pepala. Lendi K80,000, ngongole ya pa foni, ngongole ya pa hokala, fizi ya mlamu wanga amene timakhala naye, thiransipoti. Ndisanagule ndi ufa womwe, pepala linaonetsa kuti ndaperewera K35,000. Ndiye mumtima munabwera kamawu koti ndalamayi ndi yosakwana kale, bwanji ndiyese mwina ikwana. Sindikudziikira kumbuyo, ndalakwa. Koma sindinasewere chifukwa ndinali ndi zambiri.

Bambo Chirwa, 23:06
Hmm. Zimenezo ndazimva.

Tiyamike, 23:19
Tsono chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti anthu amadzidziwa. Ku Mulanje, pa esiteti ya tiyi ya Lujeri, ochita kafukufuku anafunsa antchito ngati angafune kuti gawo la malipiro awo lizisungidwa, adzalandire pamodzi patatha miyezi itatu, popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala. Mwa masamu a m'kalasi palibe angavomere, ndalama yako yomwe, kuichedwetsa dala, kwacha ikugwa. Koma pafupifupi theka anavomera. Patapita zaka ziwiri, amene anali atafolera nyumba zawo ndi malata anali ochulukirapo pakati pa osungitsawo poyerekeza ndi anzawo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2021. Anthu aja ankadziwa kuti K2,000 ya m'thumba imatha ndi tomato, mayunitsi ndi m'bale wodzapempha, koma ikabwera pamodzi imagula chinthu chooneka.

Ku Kenya, ku Busia, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anayesa china. Alimi ankanena kuti feteleza amamufuna, koma nthawi yodzala ndalama kulibe. Ndiye anawapititsira mwayi wolipiriratu feteleza atangokolola, ndalama zili m'manja, n'kudzawabweretsera pakhomo ulere. Ogwiritsa ntchito feteleza anachuluka. Sanawalalikire, sanawaphunzitse bajeti. Anangosuntha tsiku losankha, kulichotsa pa nthawi ya njala kuliika pa nthawi yokhuta.

Ndiye achimwene a Shadreck, yankho la kwacha yogwa si kudya zonse lero ayi. Mkulu wanu uja akanamagula lata limodzi kapena awiri mwezi uliwonse n'kumaika pansi pa bedi, November uja akanangomumva pa wailesi.

Shadreck wa Kabaza, 23:21
Pansi pa bedi pake pamagona ana asisi 😂 koma ndamva.

Mayi a Tadala, 23:38
A Tiyamike mwafotokoza za ku Mulanje ngati zachilendo, pamene ife pa khonde langa timachita zimenezo Lamlungu lililonse. Banki mkhonde inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, kuno tinangoilandira n'kuipatsa dzina lathu. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi. Mukuganiza kuti timaopa akuba okha? Timadziopa tokha. Ineyo wapampando, pakati pa mwezi mtima ukandiuza kuti chitenje chija chitha, sindingathe kutsegula. Pofika poti ndasonkhanitsa anthu atatu aja, chilakolako chazizira.

Chinanso chimene simunatchule ndi abale. Ndalama ikakhala m'nyumba, mlongo wako akabwera kuti mwana wathamangitsidwa ku sukulu, ungakane bwanji? Ukakana, mawa pa maliro akuloza. Koma ukanena kuti zili ku banki mkhonde mpaka December, palibe amakwiya, chifukwa aliyense akudziwa kuti bokosi silitsegulidwa. Si kuuma mtima, timathandizabe, koma umathandiza zimene wakonza, osati zonse zimene zapezeka m'nyumba tsiku limenelo.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi kumwamba. Chaka chatha mayi wina m'gulu mwathu ankaopa manyazi obwera opanda sheya pamaso pa anzake, ndiye ankakatenga katapila kuti adzaponye. Tinadziwa mochedwa, wakatapila atamulanda mashini osokera. Manyazi omwewo amene amatithandiza kusunga, iyeyo anamumiza. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti wosowa azingonena kuti sabata ino ndilibe, tilembe, osamuyang'ana kawiri.

Anaphiri a ku Tsoka, 23:42
Zoona mayi. Ifenso pa Tsoka chipereganyu chathu chinatha chifukwa mmodzi analandira koyamba n'kusamukira ku Mchinji. Kumanga manja ndi bwino, koma uziona amene ukumupatsa chingwe.

Kondwani, 23:47
Ndiye ndipange bwanji anansi? Apu ndachotsa kale kawiri mwezi wathawu. Kuibwezeretsa sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe.

Aphunzitsi Mbewe, 23:56
Chifukwa chake n'chakuti mukudalira Kondwani wa usiku kuti amvere malamulo a Kondwani wa masana, pamene foni ndi ndalama zonse zili ndi wa usikuyo. Musamusiyire kanthu. Tsiku lolandira, musanakwere minibasi ku Kanengo, tumizani lendi kwa alandilodi pomwepo, ya ufa ndi makala kwa madamu, ya sheya kwa Mayi a Tadala. Mu foni mutsale ya thiransipoti. Wa usiku uja akadzuka apeze m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndipo K96,000 ija ilekeni, yapita. Tsiku limene mudzati ndingobweza theka lokha, mwabwerera m'bafa.

Mukaona kuti zikukukanikanibe, pitani kuchipatala mukafunse a uphungu wa za maganizo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limawerengera chizolowezi cha njuga m'gulu la matenda, si nkhani yongoti limba mtima.

Bambo Chirwa, 00:04
Ine za nkhunda sindinagwirizane nazobe. Koma ndikumbuka kuti mayi a kunyumba kuno, Mulungu awasunge, tsiku la malipiro ankandidikira pa depoti, envelopu ankalandira iwo ndisanadutse pa bala. Zaka zonsezo ndinkauza anthu kuti ndine wodziletsa. A Kondwani, za alandilodi anu ndisiyireni, timapemphera limodzi, ndikawapempha akudikireni mpaka pa 28. Koma kamodzi kokha.

Mayi a Tadala, 00:09
A Kondwani, chomaliza. Gulu lino lili ndi anthu 87. Madamu anu sali pano, koma mawa 6 koloko akakhala pa mzere wa madzi pa kiyosiki ndi anthu amene awerenga zonsezi. Asakamve kumeneko. Adzutseni.

Kondwani, 06:31
Mwadzuka bwanji anansi. Ndinawadzutsa. Sanalankhule kanthu kwa nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndiye madzi a mchere aja ndinamweranji. Foni yanga yaikulu ili ndi iwo, ine ndatenga kawo ka mabatani, moti uthengawu ndikulemba ali pambali panga. Ndikupita ku ntchito wapansi mpaka pa Nsungwi. Mayi a Tadala, Lamlungu mumayamba nthawi yanji, ndipo amuna mumalandira?

Mayi a Tadala, 06:40
2 koloko. Amuna alipo atatu kale, koma kiyi sitiwapatsa. Sheya imodzi ndi K2,000, wochedwa amalipira K500 ya chindapusa. Mubwere nawo madamu, buku tilemba dzina lawo.

Shadreck wa Kabaza, 06:42
Amwene imani pa geti pomwepo, ndikudutsa ndikusiyeni ku Kanengo. Mudzandipatsa pa 28, musanakwere minibasi.